Matiresi a chikuto cha pulasitiki ogulira odwala ku Kasungu

Magulu odzipereka amene mukusonkha ndalama m'mipingo komanso pa Airtel Money ndi Mpamba kuti muthandize chipatala cha Kasungu, matiresi amene tikuwayamikira ndi a chikuto cha pulasitiki yokhuthala. Magazi ndi mkodzo sizilowa m'siponji. Amangopukuta ndi madzi a klorini, wodwala wina n'kugonapo.

Musanalipire, kayezeni mabedi a m'wodi. Ambiri ndi masentimita 90 m'lifupi. Dinikizani siponji ndi chibakera. Ikachedwa kubwerera, posakhalitsa wodwala azidzamva chitsulo kumsana.

Pofooka pa chikutocho ndi pamsoko ndi pazipi, pomwe madzi amalowera n'kuyambitsa fungo, choncho sankhani a zipi yobisika m'mbali. M'nyengo yotentha ya Okutobala pulasitiki imachititsa thukuta, ndiye matiresi aliwonse apite ndi nsalu zoyala ziwiri.