Zingwe zitatu za USB patatha miyezi khumi: chatsala ndi cha pulinta

Mu Ogasiti chaka chatha ndinalemba za zingwe zitatu za USB zimene ndinkalumikizira kontrola yanga ya Pioneer DDJ-400, chipangizo chimene ife ma DJ timasakanizira nyimbo, ku laputopu. Ndinali nditangozigwira masabata awiri, ndiye ndinalemba ndi maso basi. Chofiira cholukidwa ndi ulusi, cha mitu yonyezimira ngati golide, ndinachitama kwambiri. Chachitali cha mamita 5 ndinati n'chabwino chifukwa chimafika paliponse. Chachitatu, chakuda chonenepa cha mita imodzi ndi theka chimene ndinazula pa pulinta yakufa ya alamu anga ku Chiputula, ndinangochitchula kumapeto ngati chongosungira tsoka.

Pano ndi Juni, kuno ku Mzuzu kwazizira mpaka zala zikukana kupotokola mabatani, ndipo pa zitatu zija chikugwira ntchito ndi cha pulinta chokha. Zinazo ndinazitaya, koma chilichonse chinapita ndi nkhani yake.

Choyamba kundichititsa manyazi chinali chachitali. Unali ukwati mu holo ina ku Luwinga, nthawi ya perekaniperekani, akuchikazi atafola mzere ndalama zili m'manja. Nyimbo inangoti zii. Magetsi a pa kontrola anaphethira kawiri n'kuzima, pulogalamu yoimbira ya rekordbox n'kulemba kuti chipangizo chachotsedwa, chikhalirecho palibe anakhudza kanthu. A MC ananditembenukira maiki ili pakamwa: "A DJ, mwatani kodi? Anthu abweza ndalama m'matumba awa!" Holo yonse inaseka. Ndinazula chingwe, kubwezera, kudikira kuti laputopu iyizindikirenso kontrola, mwina masekondi makumi awiri, koma kwa ine anali ngati mwezi. Tsiku lomwelo zinachitikanso kachiwiri akudula keke.

Ndinayamba ndaimba mlandu laputopu. Ndinalowa m'zosintha za magetsi za Windows n'kuzimitsa chija amati USB selective suspend, chimene chimagoneka mabowo a USB pofuna kusunga batire. Chimenecho n'choyenera kuzimitsa ndithu kwa aliyense woimbira pa laputopu, ndipo sindinachiyatsenso, koma vuto langa silinathe. Linatha nditasintha chingwe.

Chimene sindinkachiganizira n'chakuti DDJ-400 ilibe chaja yakeyake. Moto wonse woyatsa magetsi ake, woyendetsa kadi yake ya mawu ndi wokankha mahedifoni umadutsa m'chingwe chomwecho cha USB. Bowo la USB 2.0 limapereka mavoti 5 ndi mphamvu yosaposa 500 mA, la USB 3.0 limafika 900 mA. Moto wochepa chonchi ukamayenda mtunda wautali m'nthambo yopyapyala umafooka panjira. Nthambo ya 28 AWG (AWG ndi muyezo wa kunenepa kwa nthambo) imakana moto pafupifupi 0.2 ohm pa mita iliyonse, ndiye pa chingwe cha mamita 5, kupita ndi kubwerera ndi mamita 10, mukhoza kutaya pafupifupi voti yathunthu kontrola ikamakoka mphamvu zake zonse. Pa mavoti 5 kuchotsapo imodzi, kontrola imakomoka. Pa chingwe cha mita imodzi ndi theka chokhala ndi nthambo za 24 AWG, zotayika sizifika ngakhale 0.2 ya voti. Nambala ya AWG ikachepa ndiye kuti nthambo ndi yonenepa, zimayenda chobwerera choncho. Komanso mamita 5 ndiwo malire enieni a USB 2.0 pa chingwe wamba, ndiye ine ndinkaimbira m'mphepete mwa phompho, chingwe chotsalacho nditangochikulunga pansi pa tebulo osachifuna n'komwe.

Nditakwiya nacho ndinachidula ndi lumo kuti ndione m'kati. Munali nthambo zinayi monga mwa masiku onse, yofiira ndi yakuda za moto, yoyera ndi yobiriwira zonyamula uthenga. Zonse zinayi zinali zowonda ngati tsitsi la khanda, tinthambo towerengeka pa iliyonse, pulasitiki ndiye wochuluka kuti chizioneka chonenepa kunja. Ukonde wachitsulo umene umayenera kuzinga nthambozo munalibe, munangokhala kapepala konyezimira kong'ambika ndi chala. Ndinatenga maginito a sipika yakale n'kuyandikiza tinthambo tija, tinamata. Kopa weniweni samata ku maginito. Chinali chitsulo chongopakidwa kopa pamwamba, ndipo chitsulo chimakana moto kuposa kopa kangapo. Amene anandigulitsa mumsika sindiwaimba mlandu, nawonso anangopikula katoni osadula chingwe ngakhale chimodzi.

Chofiira chija chinakhalitsako, miyezi isanu ndi umodzi. Za mawu ndinene mosabisa: chaka chatha ndinalemba kuti besi imamveka yolemera ndikagwiritsa ntchito chimenechi, ndipo zinali zabodza, makutu anga ankamvera mtengo umene ndinalipira. Mu Disembala ndinamuitana mnzanga wina amene amaimba m'malo omwera ku Katoto, ndinamufulatitsa, ndikusinthasintha zingwe nyimbo ili imodzimodzi. Analephera kusiyanitsa. Tinasinthana, inenso ndinalephera. M'chingwe cha USB simuyenda mawu, mumayenda manambala, ndipo mawu amapangidwa m'kontrola momwemo. Manambalawo akafika bwino nyimbo imamveka momwe ilili, akasokonekera mumamva kuthetheka kapena kudukaduka, osati besi yochepa. Ndipo katundu wake ndi wopepuka: mawu a mbali ziwiri pa 44.1 kHz ndi 24-bit ndi pafupifupi 2 Mbps (muyezo wa kuchuluka kwa uthenga wodutsa pa sekondi), kuphatikiza za mahedifoni n'kukhala 4 ndi pang'ono, pamene USB 2.0 imanyamula mpaka 480 Mbps. Golide wa pamutu ntchito yake ndi kuteteza dzimbiri basi. Ndinkaganiza kuti ndi chinyezi cha kuno, mvula yosakata ija ya Malichi ndi Epulo, golideyo aonetsa phindu lake, koma mutu wamba wa chingwe cha pulinta sunachite dzimbiri ngakhale pang'ono.

Chimene chinapha chofiiracho ndi khosi. Pamene chingwe chimalowa m'mutu panalibe kampira kofewa kothandiza kupindika, ulusi unkangothera pa chitsulo cholimba. Kupinda lero, kupinda mawa, nthambo ya m'kati inathyoka kunja kukuoneka bwinobwino. Chinayamba kugwira pokhapokha ndikachikhotetsera kumanzere, ndinkachita kuchitsamiritsa ndi botolo la madzi. Ulusiwonso unandikhumudwitsa. Fumbi lofiira la mu Okutobala linalowerera, mwana wina pa chinkhoswe ku Chibavi anatayirapo thobwa, ndipo chingwe cholukidwa sichipukutika. Chinauma gwa, n'kumanunkha chimera m'chikwama. Cha pulasitiki mumangodutsitsa kansanza konyowa.

Pali phokoso lina limene ma DJ ambiri kuno amanamizira chingwe cha USB, kulira kwa "zzzz" m'masipika kumene kumakula mukagwedeza mausi. Ndinakumana nako ku Ekwendeni tikuimbira pa jenereta magetsi atazima. Ndinasintha zingwe zonse zimene ndinali nazo, phokoso lili pomwepo. Nditazula chaja ya laputopu, linatha nthawi yomweyo. Linkachokera ku chaja, n'kudutsa m'laputopu ndi m'kontrola mpaka ku ampu, chifukwa laputopu inali pa soketi ina, ampu pa ina. Nditaika zonse pa ekisitenshoni imodzi linachepa kwambiri, ndipo lotsalalo linachoka nditagula kabokosi kodula phokoso kamene kamaikidwa pa nthambo za mawu pakati pa kontrola ndi mikisa. Kachotupa kakuda kamene kali pafupi ndi mutu wa chingwe cha pulinta, kaja ena amaganiza kuti ndi fyuzi, ndi ferrite. Kamachepetsa phokoso la mafunde apamwamba kwambiri, koma kulira kwa chaja sikakuletsa. Ndimakakondabe chifukwa zingwe zokhala nako kawirikawiri zimakhala zopangidwa mosamalirako.

Habu ya USB, kabokosi kogawa bowo limodzi kukhala angapo, yopanda chaja yake ndinaisiya msanga. Kontrola, mausi, fulashi ndi kanyali zonse kukoka pa bowo limodzi, kontrola ndiyo imayamba kugwa. Pano kontrola ili ndi bowo lakelake pa laputopu, zina zonse zikalimbirane kwinako.

Mnzanga wa ku Katoto uja ali ndi kontrola ya DDJ-FLX4, imene imalowa USB-C m'malo mwa mutu wa makona anayi wa USB-B uli pa yanga. Iye msampha wake ndi wina. Usiku wina anaiwala chingwe chake, n'kubwereka cha foni kwa wogulitsa mowa. Kontrola inayaka magetsi bwinobwino koma laputopu osaiona. Zingwe zina zotchipa za foni zili ndi nthambo za moto zokha, za uthenga mulibe. Kuyesa kwake n'kosavuta: lumikizani foni ku laputopu ndi chingwecho, zithunzi za m'foni zikaoneka pa laputopu ndiye kuti chimanyamula uthenga. Chitani zimenezi muli pa sitolo pomwepo ndalama musanapereke.

Tsoka lalikulu la miyezi khumiyi silinabwere ndi chingwe, ndinadzipalira ndekha. Ndikamaliza kuimba usiku ndinkangozula ku laputopu, mbali ya kontrola n'kusiya chili cholowa, kenako zonse m'chikwama, ine pa kabaza kutsetsereka ku Mchengautuwa. Bampu iliyonse inkakankha mutu uja, ndipo chingwe cha pulinta n'cholimba, sichigonja, ndiye chimene chinagonja ndi soketi ya m'kontrola. Mu Epulo inayamba kugwedera ngati dzino la mwana. Ndinapita nayo kwa amisiri ena okonza mawailesi m'tauni, bambo achikulire ovala magalasi awiri, ena pamphuno ena pamutu. Anatsegula, anayang'ana, n'kundionetsa miyendo iwiri ya soketi itasweka pamene inawotcheredwa pa bolodi. "Adada, chingwe mukhoza kugula mawa, koma bolodi iyi ikang'ambika muilira. Muzizula mukamanyamula." Anawotcherera, anandilipiritsa ndalama yoposa mtengo wa zingwe zitatu zonse zija, ndipo ndinathokoza chifukwa mizere ya pa bolodi inali isanadukebe.

Kuyambira pamenepo ndimazula mbali zonse ziwiri, pogwira mutu osati kukoka chingwe. Pokulunga sindizunguliza pachigongono monga timachitira ndi chingwe choyanikira zovala, ndimapanga mikombero yotakasuka n'kumanga ndi kansalu. Ndikafika pamalo, chingwe ndimachizunguliza kamodzi pa mwendo wa sitandi ya laputopu n'kuchimata pa tebulo ndi tepi yakuda, kuti wovina akachikola ndi chitenje chikoke tebulo osati soketi. Soketi ya magetsi ikakhala kutali ndimatalikitsa ekisitenshoni, masipika akakhala kutali ndimatalikitsa nthambo za mawu, USB ikhale yaifupi momwemo.

Cha pulintachi chili ndi zovuta zake. N'chouma, m'mawa wozizira ngati wa lero chimakana kuwongoka, ndipo mutu wake wowongoka umatuluka kumbuyo kwa kontrola moti pa tebulo lopapatiza umagunda sitandi. Ndikanakonda cha mutu wokhota, koma chimodzi chimene ndinachipeza kuno chinali chowonda ndipo pakhungu pake panalibe cholembedwa chilichonse, ndiye ndinachisiya. Chifukwa pano ndimawerenga khungu la chingwe ndisanayang'ane paketi. Pa changachi, m'zilembo zoyera zimene zayamba kufufutika, palembedwa 28AWG/1P ndi 24AWG/2C, kutanthauza nthambo ziwiri zopotana za uthenga za 28 ndi ziwiri za moto za 24. Zolembazi nazo zikhoza kunama, n'chifukwa chake chingwe chatsopano ndimayamba ndachiimbira kunyumba maola atatu kapena anayi, mahedifoni ali olumikiza, ndikuchigwedeza pakhosi nyimbo ili m'kati.

Sabata yatha ndinapita kukagula chachiwiri choti chizikhala m'thumba la m'mbali, popeza Loweruka ndili ndi ukwati ku Nkhata Bay ndipo sindikufuna kukasaka chingwe kunyanja. Ndinalowa m'sitolo yogulitsa inki ndi mapepala, osati ya zoimbira. Mtsikana wa pakauntala anatulutsa zitatu, ine n'kumaziyandikiza kumaso chimodzichimodzi pawindo kuti ndione zilembo. Anandifunsa kuti, "Achimwene, pulinta yanu ndi ya mtundu wanji kuti ndikuthandizeni?" Ndinamuuza kuti ndilibe pulinta, ndinatenga chotuwa cha mamita 1.8, ndipo chakhala chikuimba pabalaza kuyambira Lachiwiri osadula.