Ulendo wa tsiku limodzi ku Telč: wotsogolera wodziwa ntchito, koma nthawi yoperewera

Ndemanga iyi ndi ya kampani ina yaing'ono yomwe imanyamula alendo pa minibasi kuchokera mumzinda wa Brno kupita ku tauni ya Telč, m'dziko la Czech Republic, n'kuwabweza madzulo a tsiku lomwelo. Maganizo anga ndi akuti ndalama zimene munthu amalipira zimabwezedwa ndi luso la wotsogolera alendo, pomwe ndondomeko ya nthawi imaichitira tauniyi zosayenera.

Telč ili kumwera chakumadzulo kwa Moravia, m'chigawo cha Vysočina, pafupifupi makilomita 30 kumwera kwa mzinda wa Jihlava, ndipo muli anthu opitirira pang'ono 5,000. Bungwe la UNESCO linaika pakati pa tauniyi pa mndandanda wa malo a chuma cha dziko lonse mu 1992. Mayi amene ankatitsogolera sanafulumire kutilowetsa pabwalo lotchuka la pakati pa tauniyi monga ambiri tinkayembekezera. Anayamba watizungulitsa m'mbali mwa madamu atatu, Štěpnický, Ulický ndi Staroměstský, n'kutifotokozera kuti madziwa ndiwo ankateteza tauniyi kwa adani komanso kudyetsa anthu nsomba, ndiponso kuti ndiwo anailetsa kutambasuka, n'chifukwa chake maonekedwe ake akale sanasokonezeke. Titalowera pachipata chakale, aliyense anali atamvetsa chifukwa chake bwalolo ndi lalitali chonchija n'kumapanikizika cha ku nyumba ya mafumu.

Pabwaloli, lomwe limatchedwa ndi dzina la Zachariáš wa ku Hradec, yemwe kale anali mwini tauniyi, ndi pomwe mayiwa anaonetsa kuti ntchito yawo amaidziwa. Moto wa mu 1530 unapsereza nyumba zambiri zamatabwa, ndipo zimene zinamangidwa pambuyo pake zinali zamiyala. Zachariáš, yemwe anakhala ndi moyo kuyambira 1527 mpaka 1589, atapita ku Italy mu 1551 anabwerako atakopeka ndi kamangidwe ka kumeneko, choncho anaitanitsa amisiri a ku Italy kuti asandutse linga la makolo ake kukhala nyumba ya mafumu yokongola ija, ndipo eni nyumba za pabwalo nawo anatsatira. Nyumbazi ndi zopapatiza kumaso koma zazitali kulowa mkati, zopakidwa utoto wachikasu, wobiriwira kapena wofiirira, ndipo makhonde ake ndi olumikizana ngati a mashopu akale a ku Limbe, moti mvula itagwa munthu akhoza kuyenda mtunda wautali osanyowa. Anatiimika pafupi ndi khoma la nyumba ina kuti tione kuti zithunzi zake sizinajambulidwe ndi utoto ayi, koma mmisiri ankakanda pulasitala wapamwamba asanaume kuti mtundu wakuda wapansi uonekere, ndipo mizere ya chitsulo chake ikuonekabe mpaka lero. Anatilozeranso mazenera ena a pamwamba penipeni amene kumbuyo kwake kulibe chipinda, poti khoma lakumaso linakwezedwa kuposa denga kuti nyumba ioneke yaikulu. Zinthu zotere munthu woyenda yekha amangozidutsa, ndipo n'zimene ndikuona kuti ndinalipirira.

Chipilala cha Maria cha pakati pa bwalo, chomwe chinamangidwa pakati pa 1716 ndi 1720, komanso tchalitchi cha Ajezuiti, tinangozionera m'njira.

Vuto linayamba titafika ku nyumba ya mafumu. Kampaniyi inatipatsa nthawi yongokwanira kuzungulira zipinda zikuluzikulu kamodzi, kenako dalaivala anali atayamba kale kuyang'ana wotchi. Chipinda cha Golide, chomwe siling'i yake ndi ya matabwa osemedwa m'mabokosimabokosi okhala ndi zithunzi zopakidwa golide, chimafuna kuti munthu aime ndithu khosi lili m'mwamba, ndipo kachalitchi ka Oyera Mtima Onse, momwe muli manda a Zachariáš ndi mkazi wake Kateřina wa ku Valdštejn, ndi malo osayenera kuwalowa mothamanga. Palinso Chipinda cha Africa, chodzaza ndi nyanga, mitu ndi zikopa za nyama zimene a banja la Podstatzky-Lichtenstein, eni nyumbayi mpaka 1945, anakapha ku Africa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900. Kwa ine chipindachi chinali cholemera mumtima, chifukwa nyama zimene kwathu tikuvutika kuziteteza m'nkhalango zosungira nyama zapachikidwa pamenepo monga umboni wa chisangalalo cha anthu olemera. Ndinkafuna kufunsa zambiri ndi kumva mmene anthu a ku Telč amachionera masiku ano, koma gulu linali likuitanidwa kale panja.

Chifukwa cha changu chomwechi sitinakwere nsanja ya tchalitchi cha Yakobo Woyera, yotalika pafupifupi mamita 60, pomwe munthu amaona bwinobwino mmene madamu aja anazingira tauni. Izi zinandikhumudwitsa kwambiri popeza nkhani yonse ya mayi aja inayambira pa madziwo, ndipo pamwamba pa nsanjayo ndi pomwe ikadamangidwira mfundo. Nsanja ya tchalitchi cha Mzimu Woyera, yomwe ndi chomangidwa chakale kuposa zonse m'tauniyi, tinangoiona chapatali. Chodabwitsa n'chakuti nthawi ya nkhomaliro inali yaitali kuposa imene tinafunikira, ndipo kampaniyi ikadaidula pang'ono bwenzi zonsezi zitatheka.

Pa zina ndilibe dandaulo. Minibasi inali yaukhondo, inanyamuka pa nthawi yake, ndipo wotsogolera ankalankhula Chingerezi chomveka, mosathamanga, n'kumayankha mafunso moleza mtima ngakhale kwa iwo amene ankabwereza zomwe zanenedwa kale. Ndi bwino kutenga ndalama za dzikolo, makoruna, zogulira tinthu ting'onoting'ono, komanso kuvala nsapato zafulati chifukwa miyala ya pabwalo imapweteka mapazi.

Amene ali ku Brno ndipo ali ndi tsiku limodzi lokha angathe kutenga ulendowu, koma asanalipire afunse ngati nthawi yokwera nsanja ilipo pa ndondomeko. Amene angakwanitse kugona usiku umodzi ku Telč achite bwino kupita yekha pa basi, n'kukapeza wotsogolera wa komweko woti amuyendetse pabwalo ndi m'mbali mwa madamu m'mawa, masana onse n'kuwasiyira nyumba ya mafumu ndi nsanja.