Galasi la kutsogolo linandiphimba maso m'nyengo ya chisanu

Abale anga, nditangofika kuno kudziko lozizira ndinkaganiza kuti mdani wa woyendetsa galimoto m'nyengo yozizira ndi madzi oundana amene amamatira pagalasi kunja. Amenewo savuta, umangopala ndi kapulasitiki. Chimene chinatsala pang'ono kundigwetsera m'tsoka ndi chifunga cha m'kati mwa galimoto.

Tsikulo ndinaweruka ntchito ya usiku cha m'ma 6 koloko m'mawa, kudakali mdima, kukuzizira koti zala kuuma. Ndinapala galasi, kuliza injini, n'kutembenuzira batani pachizindikiro cha galasi, choti mpweya uziwomba kugalasi la kutsogolo. Ndisanapite patali, galasi lonse linayera mbuu. Ndinapukuta ndi mkono wa jekete kamalo kakang'ono n'kumayenda mosuzumira. Pokhota pena munthu wa panjinga anangotulukira pamphuno penipeni pa galimoto. Mulungu anandichitira chifundo, buleki inagwira. Ndinaima pambali manja akunjenjemera, ndipo ndinatsimikiza kuti galimotoyo siyendanso mpaka vuto litapezeka.

Chifunga chimenecho timabwera nacho tokha. Mpweya umene timapuma, nsapato zonyowa, jekete lovumbwa, zonsezi zimatulutsa chinyezi, ndipo chikakhudza galasi lozizira chimasanduka timadontho. Kuti chichoke pamafunika mpweya wotentha, wouma, wowomba mwamphamvu. Kutenthako kumachokera ku injini: coolant, madzi apadera oziziritsa injini, ikatentha imadutsa m'karediyeta kakang'ono kobisika kuseri kwa dashibodi, kamene amakatcha heater core, ndipo fani imakankha mpweya kudzera pamenepo kupita kugalasi. Kuumitsa mpweya ndi ntchito ya AC. Ine ndinkaizimitsa dala poganiza kuti ndi ya nthawi yotentha basi. Komanso kabatani kokhala ndi muvi wozungulira m'kati mwa chithunzi cha galimoto kanali koyaka masiku onse. Kameneko kamatseka mpweya wa kunja n'kumazunguliza womwewo wonyowa wa m'kati. Kukazizira kwambiri galimoto zambiri zimaimitsa zokha AC, ndiye mpweya wouma wa kunjawo ndi umene umathandiza.

Loweruka ndinayamba ndi kumvetsera fani. Pa 1, pa 2, pa 3, zii. Pa 4 pokha ndi pamene inkawomba. Fyuzi ikanakhala yopsa, fani sikanazungulira n'komwe, choncho vuto silinali pamenepo. Fani ikamagwira pa liwiro lomaliza lokha, kawirikawiri chapsa ndi resistor, kachipangizo kamene kamachepetsa magetsi kuti fani iziyenda pang'onopang'ono. Kanga kanali kuseri kwa kabokosi kosungiramo mapepala kumbali ya wokwera, komangidwa ndi masikuluu awiri ndi pulagi imodzi. Pochotsa kabokosiko ndinaonanso sefa ya mpweya wolowa m'galimoto, yakuda bii, yodzaza masamba ouma. Ndinasintha zonse ziwiri.

Ndinkati ndamaliza. Mpweya unayamba kuwomba bwino ndithu, koma unali wofunda pang'ono chabe, ngati mpweya wa m'kamwa.

Apa anandithandiza ndi bambo ena achikulire amene timagwira nawo ntchito, omwe kale anali makaniko. Iwo sanathamangire kutsegula boneti. Anayamba kaye kununkhiza m'galimoto, kupapasa kapeti pansi pa dashibodi, n'kudutsitsa chala pagalasi. Ankafufuza ngati heater core ikudontha, chifukwa ikaboola pamamveka fungo lotsekemera, kapeti amanyowa, galasi limachita ngati lapakidwa mafuta, ndipo coolant imatsika m'thanki popanda kuoneka pamene ikutayikira. Zonsezi panalibe, ndipo ndinapumira m'mwamba, pakuti m'galimoto zambiri kuifikira heater core n'kugwetsa dashibodi yonse.

Kenako anandifunsa kuti, “Mwana wanga, kamuvi kosonyeza kutentha kwa injini kamafika pati ukayenda mphindi 20?” Ndinayankha kuti kamakhala pansi, ndipo ine ndinkasangalala nazo poganiza kuti injini yosatentha ndi yathanzi. Anapukusa mutu. Injini imayenera kugwira ntchito itatentha pafupifupi madigiri 90, kamuvi kali chapakati. Tinaliza injini ili yozizira, iwo atagwira paipi ya pamwamba yopita ku rediyeta. Paipi imeneyo iyenera kukhala yozizira mpaka thermostat, kavavu kamene kamatsekera coolant njira yopita ku rediyeta injini isanatenthe, itatseguka, kenako n'kutentha mwadzidzidzi. Yanga inayamba kufunda pang'onopang'ono kuyambira pachiyambi pomwe. Thermostat inali itakanirira ili yotsegula, coolant n'kumangozungulira m'rediyeta, injini osatentha, hita n'kusowa chopereka. Mapaipi awiri olowa ku heater core nawo anali ofunda pang'ono onse. Ikanakhala imodzi yotentha ina yozizira, bwenzi tikuti heater core yatsekeka.

Tinadikira injini kuzizira, chifukwa chivindikiro cha coolant sichitsegulidwa injini ili yotentha, madzi owira angakuthire kumaso. Tinaika thermostat yatsopano, kuthira coolant, n'kuisiya injini ikulira hita ili pamapeto kuti mpweya wotsekeredwa m'mapaipi utuluke. Ndikudziwa kuti kumene kumatentha ena amachotseratu thermostat n'kumathira madzi wamba. Kuno zimenezo n'kupha injini, poti madzi akaundana amafufuma n'kung'amba chitsulo. Coolant yosakaniza theka ndi theka ndi madzi siundana mpaka cha pa madigiri 37 pansi pa ziro. Ndipo amene mukubwera kuno, chonde musadzathire madzi otentha pagalasi loundana, limatha kusweka.

Lolemba m'mawa ndinakhala m'galimoto n'kumayang'ana galasi likuyera kuyambira m'munsi kukwera m'mwamba, ndipo sindinachoke mpaka lonse litaoneka. Chatsala ndi galasi la kumbuyo. Mwa timizere take totenthetsa, kamodzi kanaduka ndipo kamasiya chifunga chopingasa. Bambo aja akuti Loweruka likubwerali abweretsa multimeter, chipangizo choyezera magetsi, kuti tipeze podukapo, tidzapake utoto wapadera umene magetsi amadutsamo.