Chestnut wa ku America: mungu, mfuti ya majini kapena bakiteriya?

Anzanga a zamitengo sasiya kundifunsa kuti pa njira zolimbitsira mtengo wa mtedza ku matenda, ine ndimakhulupirira iti. Ndimawayankha ndi nkhani ya chestnut wa ku America, mtengo waukulu wobala mtedza wodyedwa, amene chiwawu chake, matenda opha khungwa, chinapezeka ku New York mu 1904 n'kupha mitengo mabiliyoni.

Njira ya mungu ndiyo ya bungwe la The American Chestnut Foundation kuyambira 1983. Anayamba ndi kukwatitsa chestnut wa ku America ndi wa ku China wopirira chiwawu, ana ake n'kuwakwatitsanso ndi wa ku America. Koma mtengo si chimanga, m'badwo umodzi umadya zaka. Komanso zinadziwika kuti kupirirako kumachokera ku majini ambirimbiri (tizidutswa ta DNA tonyamula chibadwa), ndiye kumasukuluka m'badwo ndi m'badwo.

Mfuti ya majini sindichedwa nayo: imawombera m'maselo timibulu ta golide topakidwa jini yofunikayo, ndipo kawirikawiri jini imalowa kangapo, ina yodukaduka.

Mtima wanga uli pa Agrobacterium tumefaciens, bakiteriya wa m'dothi amene amatupitsa mitengo polowetsa DNA yake m'maselo. Akatswiri amamuchotsa majini otupitsawo n'kumusenzetsa jini imene akuifuna. Ku SUNY ESF, koleji ya za nkhalango ndi chilengedwe ku New York, William Powell ndi Charles Maynard anamusenzetsa jini ya tirigu yophwanya asidi amene chiwawu chimaphera khungwa. Mtengowo anautcha Darling 58, ndipo mu 2020 anapempha boma la America chilolezo choufalitsa.

Chimene chinandipweteka chinabwera mu 2023. Ofufuza anapeza kuti mitengo imene inkayesedwa m'minda kwa zaka sinali Darling 58 ayi, inali Darling 54, mbale wake. Mwa iyeyu jini ya tirigu inagwera pakati pa jini ina ya mtengowo, yotchedwa SAL1, n'kuiwononga. Bungwe la The American Chestnut Foundation lija linanena kuti mitengoyo ikukula mopinimbira, ndipo mu Disembala chaka chomwecho linasiya kuthandiza ntchitoyi. Powell anali atangomwalira kumene mu Novembala, ndipo zimenezi zimandimvetsa chisoni kwambiri.

Apa ndi pamene pabisala vuto lake la njirayi. Bakiteriya sasankha malo otulapo jini, ndiye mbande ziwiri za jini imodzi, zochokera mu labotale imodzi, zingathe kukula mosiyana kotheratu.

Ndikusankhabe bakiteriya, chifukwa mtengo umatsala wa ku America weniweni. Koma mbande isadzalidwe m'munda asanaunike DNA yake n'kuona pamene jiniyo yagwera.