Mkaka wathu tizipita nawo ku bulking kapena kwa mavenda?

Makampani akangochepetsa mkaka omwe amagula, ife alimi a kuno ku Bvumbwe ndi Goliati timavutika, chifukwa ng'ombe siidziwa zimenezo, imafuna kukamidwa m'mawa ndi madzulo basi, nsenjere ndi madeya idyenso.

Ku bulking, komwe gulu la alimi limasonkhanitsa mkaka kuti makampani adzagule, ubwino wake ulipo. Mkaka amauyeza ngati wathiridwa madzi kapena wasasa, ukadutsa umalowa mu thanki yoziziritsa, ndalama mumalandira pakutha pa mwezi zili pamodzi moti fizi ya mwana imalipirika. Koma galimoto yodzatenga mkaka ikapanda kubwera kapena magetsi akazima nthawi yaitali mkaka umaonongeka ndipo oluza ndife, tsiku limenelo zigubu zimabwerera kunyumba mtima ukuwawa.

Mavenda a njinga opita ku Limbe amapereka kashi pompopompo, mwina mtengo okwererako. Vuto amatenga malita ochepa, mvula ikagwa sabwera, ndalama yake imathera mchere ndi sopo osaiona.

Ine wam'mawa ndimapititsabe ku gulu, pajatu alangizi ndi umuna wa ng'ombe timazipezera komweko. Wamadzulo okha ndi omwe ndikupatsa mavenda panopa.