Kamera yapakhoma kapena wojambula kuseri kwa galasi?

Pojambula moyo wa anthu wa tsiku ndi tsiku, chovuta kwambiri n'chakuti munthu aiwale zoti akujambulidwa. Akamakumbukirabe, amayamba kuchita zachiphamaso.

Pali njira ziwiri zothandiza kuti aiwale. Njira yoyamba tinaiona mu Big Brother, pulogalamu yomwe inayamba ku Netherlands mu 1999 n'kufika kuno ku Africa mu 2003, pomwe Cherise Makubale wa ku Zambia anapambana. Nyumba yomwe opikisana amakhalamo imazunguliridwa ndi kanjira kamdima, momwe ojambula ovala zakuda amakankha makamera kuseri kwa magalasi amene a m'nyumbamo amangoona ngati kalilole. Ubwino wake, wojambula amaona ndi maso ake. Milomo ya wina ikayamba kunjenjemera, iye amayandikitsa chithunzi msozi usanagwe, ndipo kamera imakhala moyang'anizana ndi nkhope. Koma pamafunika kumanga nyumba yakeyake. Chipatala kapena sukulu simungaiboole makoma.

Ine mtima wanga uli pa njira yachiwiri, ya timakamera ta PTZ tokhomedwa pakhoma ndi kudenga. Timatembenuka, kuwerama ndi kukoka chithunzi chakutali, wotiyendetsa ali m'chipinda china ndi kachitsulo kowongolera. Wailesi yakanema ya Channel 4 ya ku Britain inaika makamera otere 40 m'chipatala cha amayi oyembekezera ku Southampton pojambula pulogalamu ya One Born Every Minute mu 2010, kenako 70 m'chipatala cha King's College Hospital ku London pojambula pulogalamu ina mu 2011. Namwino amene watopa usiku wonse sayang'ananso kudenga. Bambo wodikira mkazi wake amangoyendayenda atagwira m'mutu, popeza palibe mlendo wamuimirira ndi kamera paphewa. Zoterezi simungazipeze mwanjira ina.

Zofooka zake zilipo. Chithunzi chochokera m'mwamba chimafanana ndi cha makamera achitetezo, ndipo munthu akangofulatira, nkhope yatayika. Kuyala mawaya kumadya nthawi ndi ndalama. Komanso sajambula makamera onse nthawi imodzi: wotsogolera amasankha ochepa, ndiye akasankha molakwika, zomwe zachitika m'chipinda chinacho zapita basi.

Njira zonsezi zimagwa ngati mawu sakumveka, choncho timaikolofoni tovala pathupi musatiumire ndalama. Ndipo ngakhale kamera isaonekere, anthu ayenera kudziwa kuti ilipo. M'zipatala zija, wodwala saonetsedwa pa TV asanavomere yekha, ndipo inunso chilolezo chotere muzichipeza musanaulutse kanthu.