Zithunzi za nyumba za eni minda a ku Louisiana: mmene ndaziwonera patatha miyezi

Kuyambira m'dzinja ndakhala ndikutsitsa zithunzi zakale pa webusaiti ya Library of Congress, laibulale yaikulu ya boma la America ya ku Washington. Ndi za nyumba zikuluzikulu za eni minda ya nzimbe ndi thonje ku Louisiana, dera la kum'mwera kwa America, zomangidwa nkhondo yapachiweniweni ya ku America isanabuke mu 1861. Ndimaziwonetsa kwa achinyamata amene ndimawaphunzitsa kujambula mapulani a nyumba.

N'zaulere, koma samalani bandulo. Mafailo a TIFF ndi olemera kwabasi. A JPEG amakwanira ngati mukungofuna kuwona.

Zomwe zandigwira mtima ndi za mayi Frances Benjamin Johnston, wojambula zithunzi amene anayendayenda kum'mwera kwa America m'zaka za m'ma 1930 ndi thandizo la ndalama la bungwe la Carnegie. Ukakulitsa chithunzi pa kompyuta umawona ngakhale ming'alu ya pulasitala pa mizati. Apa m'pamene ophunzira anga amadabwa: mizati yooneka ngati mwala wosema ija, yambiri ndi njerwa chabe zopakidwa pulasitala. Makonde aatali, mawindo ofika pansi ndi denga lokwera sizinali zodzionetsera zokha. Louisiana ndi dera lotentha ndi lachinyezi ngati ku Nsanje, ndipo mpweya unkayenera kudutsa.

Chithunzi cha nyumba ya Belle Grove cha mu 1938 ndimachibwerezabwereza. Nyumbayo ili yokha, zitseko zothyoka, udzu ukulowa mpaka pakhonde. Inapsa mu 1952. Ya Uncle Sam anaigwetsa mu 1940 pofuna malo a chipupa chotchinga madzi a mtsinje wa Mississippi. Nottoway nayo, yomangidwa mu 1859, inapsa mu 2025. Ndiye zithunzi zotere zikusanduka umboni wofunika wotsala.

Chondikhumudwitsa chakula pang'onopang'ono. Kamera imakonda kuima kutsogolo, kuyang'ana mizati ndi masitepe. Amene anaumba njerwazo, kudula mitengo ndi kulima nzimbe anali akapolo, ndipo tinyumba tawo tamatabwa kuseri kwa nyumba yaikulu timaoneka mwa apo ndi apo. Mawu ofotokoza chithunzi nawo ndi owuma: dzina la nyumba, dera, chaka, basi. Mwana wasukulu akhoza kuwona zithunzi zambirimbiri osazindikira kuti chumachi chinachokera ku ukapolo.

Chandithandiza ndi gulu lina la zithunzi pa webusaiti yomweyo, la Historic American Buildings Survey, ntchito yomwe boma la America linayamba mu 1933. Mulinso mapulani oyezedwa bwino, ndipo mukalemba mawu oti "slave quarters" pofufuza, nyumba za akapolo zimatuluka. Masiku ano ndimayamba phunziro ndi munda wa Evergreen, komwe tinyumba ta akapolo 22 tidakalipo m'mizere iwiri, kenako n'kuwonetsa nyumba ya bwana.